MLENDO NDIYE ADZA NDI KALUMO KAKUTHWA

Nthawi iri yonse pamene unga wakwera mtengo ndipo nchito zasowa, pamabuka anthu m'misika, m'mabasi ndi m'nyumba za mowa amene anena kuti mabvuto athu onse abwera ndi alendo. Ati alendo ndiwo atilanda malonda, alendo ndiwo atha nchito, alendo ndiwo adzetsa umbanda. Mau amenewa akoma m'khutu la munthu wanjala cifukwa amsonyeza munthu woti amude, koma sadzaza mphika. Nyuzi ino ikana mau amenewa, ndipo lero tifuna kukuuzani cifukwa cace. Tidzatero pakukukumbutsani mbiri ya Ayuda, mtundu umene wayenda maulendo ambiri ofuna pokhala, ndipo ena a iwo anafika nakhala m'dziko lathu lino.

CIMENE CINAWACOTSA KWAO

Zaka 150 zapitazo Ayuda ambiri anali kukhala kum'mawa kwa Ulaya, m'maiko amene anali pansi pa Mfumu ya Russia, monga Lithuania, Poland ndi Ukraine. Boma la Russia linawaikira malire a dera lokhalamo, ndipo Myuda sanali kuloledwa kukhala kunja kwa malirewo popanda cilolezo. Ife amene makolo athu anayenda ndi citupa m'thumba m'dziko lao lomwe tidziwa kuwawa kwa lamulo lotere. Ambiri analetsedwa kugula minda, ndipo masukulu apamwamba anali kulandira ana ao owerengeka cabe.

M'caka ca 1881 Mfumu Alexander II inaphedwa, ndipo mphekesera inafala yakuti mlandu uli pa Ayuda. Magulu a anthu analowa m'midzi yao, naphwanya masitolo, natentha nyumba, namenya ndi kupha anthu, ndipo m'malo ambiri apolisi anangoyang'ana. M'caka ca 1903 mnyamata wina anapezeka wakufa m'dera la mzinda wa Kishinev, ndipo nyuzi ina inalemba bodza lakuti Ayuda amupha kuti atenge mwazi wace. M'masiku awiri okha Ayuda 49 anaphedwa mu mzindamo. Pambuyo pace kunadziwika kuti wakupha mnyamatayo anali mbale wace yemwe. Sungani nkhani imeneyi m'mutu, abale, cifukwa tidzabwerako.

Tsono anthu anayamba kuthawa. Pakati pa 1881 ndi 1924 Ayuda oposa 2,000,000 anaoloka nyanja kunka ku America. Ena anapita ku England, ena ku Argentina, ena ku Palestine, ndipo enanso, makamaka a ku Lithuania, anatsikira ku South Africa. Ambiri anafika ndi kabokosi kamodzi, osadziwa ngakhale cinenero ca kumene anafikako, ndipo eni dziko anawanena kuti ndi auve, obweretsa matenda ndi otsitsa malipiro.

ZIMENE ANABWERA NAZO

Kodi maiko amene anawalandira anataya kapena anapindula? Tiyeni tione. Michael Marks anafika ku England alibe kanthu, ndipo m'caka ca 1884 anayala katundu wace pa thebulo mu msika wa ku Leeds. Thebulo limenelo ndilo linakula kukhala masitolo a Marks & Spencer, amene alemba nchito Angelezi zikwi zambiri. Ku New York atelala aciyuda anadzaza mafakitale osoka zobvala, ndipo iwo omwe anali m'gulu la anthu amene anamanga zigwirizano zolimba za anchito pofuna malipiro abwino ndi maola ocepa.

Koma phindu limene lafika mpaka m'makomboni mwathu ndi la mankhwala. Selman Waksman anacoka ku Ukraine nafika ku America m'caka ca 1910. M'caka ca 1943, m'cipinda cace cofufuzira pa sukulu ya Rutgers, munapezeka streptomycin, mankhwala oyamba amene anagonjetsa cifuwa cacikulu. Munthu ali yense amene anakhala ku migodi adziwa amuna amene cifuwa cimeneci cinawabweza kumudzi ali mafupa okhaokha. Albert Sabin anabadwira ku Bialystok, m'dziko la Poland, nafika ku America ali mnyamata m'caka ca 1921. Iyeyu ndiye anakonza katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa, uja amai alandiritsa ana ao ku sikelo. Ernst Chain anathawa ku Berlin m'caka ca 1933, caka cimene Hitler anatenga Boma nayamba kucotsa Ayuda pa nchito. Ku Oxford iye ndi Howard Florey anasandutsa penisilini kukhala mankhwala ocizira anthu, ndipo m'caka ca 1945 analandira mphatso ya Nobel pamodzi ndi Alexander Fleming. Germany inaphunzitsa munthuyu ndi ndarama zace, nimthamangitsa, ndipo England inakolola pamene sinafese.

M'DZIKO LATHU LINO

M'zaka za 1896 ndi 1897 mliri wa ng'ombe unapululutsa makola kum'mwera kwa Zambezi, koma ng'ombe zambiri za ku Barotseland, dziko la Alozi, zinapulumuka. M'caka ca 1901 abale awiri, Elie ndi Harry Susman, ocokera ku mudzi wa Rietavas ku Lithuania, anaoloka Zambezi nafika ku Lealui kukagula ng'ombe mwa cilolezo ca Litunga Lewanika. Njanji inali isanafike ku Livingstone, ndipo ng'ombezo anali kuziyendetsa pansi masabata ambiri, kupyola m'nkhalango za mikango ndi za malungo, kunka nazo ku misika ya ku Bulawayo. Pa ciyambi cimeneco panakula malonda a masitolo, mabuchala ndi mafamu, amene pambuyo pace anadziwika ndi dzina la Susman Brothers & Wulfsohn. Ena anatsata, namanga timasitolo m'mbali mwa njanji ndi kumidzi kumene makampani akulu a Azungu sanafune kupitako. Ku Livingstone anamanga sunagoge m'caka ca 1928. Abe Galaun, wocokeranso ku Lithuania, anakhala mmodzi wa alimi akulu a ng'ombe, nyama ndi mkaka ku Lusaka. Stanley Fischer, amene anabadwira ku Mazabuka m'caka ca 1943 kwa makolo a sitolo, anadzakhala mkulu wa banki ya Boma la Israel kucokera 2005 mpaka 2013.

Ayuda sanaculuke m'dziko lino. Pamene anaculukitsa, m'zaka za m'ma 1950, anangopitirira pang'ono 1,000, ndipo lero atsala owerengeka. Koma pamene otsalawo anagulitsa nyumba za mpingo wao, anapereka ndarama zothandiza sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola.

Nanga n'cifukwa ninji mlendo kawirikawiri apindulitsa dziko lomlandira? Si cifukwa cakuti mwazi wace uposa wa eni dziko ai. Palibe mtundu wobadwa ndi nzeru zamalonda kapena zamankhwala. Zifukwa zace n'zoonekeratu. Coyamba, mlendo afika ali wamkulu kale, ndi manja odziwa nchito imene dziko lomlandira silinalipire kumphunzitsa. Caciwiri, alibe munda wa makolo woti abwerereko zinthu zikabvuta, cotero agwira nchito usana ndi usiku ndipo apita kumene eni dziko safuna kupita. Cacitatu, aona ndi maso acilendo cinthu cimene eni dziko anacizolowera, monga anyamata aja anaona kuti kuno kuli ng'ombe ndipo uko kuli msika wopanda nyama. Cacinai, munthu amene analandidwapo nyumba adziwa kuti cuma cimene wacifwamba sangalande ndi maphunziro, cotero adzimana kuti mwana wace aphunzire. Ndiponso tisaiwale kuti mlendo sangodya cabe, agulanso. Agula cimanga ca mlimi, alipira lendi, apereka msonkho, ndipo sitolo yace ikakula alemba nchito mwana wa mwini dziko. Makolo athu anaziona zimenezi kale pamene anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

PAMENE ZITSEKO ZINATSEKEDWA

Tsopano imvani mbali yowawa. M'caka ca 1924 America inaika lamulo locepetsa kwambiri anthu ocokera kum'mawa kwa Ulaya. South Africa inacita cimodzimodzi m'caka ca 1930 ndiponso m'caka ca 1937. Cotero pamene Hitler anayamba kuzunza Ayuda, njira zambiri zinali zotsekedwa kale. M'mwezi wa July 1938 maiko 32 anasonkhana ku Evian, m'dziko la France, kukambirana za othawawo. Nthumwi zinalankhula mau acifundo, koma pafupifupi zonse zinati kwao kulibe malo. M'caka ca 1939 sitima ya pamadzi yochedwa St. Louis inacoka ku Hamburg ndi anthu 937. Cuba inakana ambiri a iwo, America inawakana, ndipo sitimayo inabwerera ku Ulaya. Mwa anthuwo 254 anaphedwa nkhondo iri mkati.

Nalo dziko lathu linalowa m'nkhani imeneyi. Boma la ku London linaganizapo zokhazika mabanja a Ayuda othawa mu Northern Rhodesia, ndipo dera la Mwinilunga linachulidwa. Koma atsogoleri a Azungu okhala kuno anakana, poopa kuti obwerawo adzapikisana nao pa malonda ndi pa nchito. Eni nthaka, anthu akuda, analibe mau m'Nyumba ya Malamulo imene inali kukamba za dziko lao. Mapeto ace analowa ndi mazana owerengeka cabe. Pofika 1945 Ayuda 6,000,000 anali ataphedwa ku Ulaya, ndipo ku Lithuania, kwao kwa a Susman, pa Ayuda khumi ali onse asanu ndi anai anaphedwa. Ndani angawerenge madokotala, aphunzitsi, amisiri ndi alimi amene anathera m'maenje amenewo cifukwa munthu wina pa ofesi anakana kudinda pepala?

ANA AWIRI A LITHUANIA

Wina adzati, kodi nyuzi imene ilankhula za ufulu wa eni dziko yayamba kutamanda Azungu? Kodi atsamunda nao sanali alendo? Funso limeneli ndi labwino ndipo tiliyankha mosabisa. Ayuda amene anafika kuno, ngakhale Angelezi ena anali kuwanyoza, anakhala ku mbali ya Azungu pa mpanda wa tsankho. Ana ao anaphunzira m'masukulu amene ana athu sanaloledwe kulowamo, ndipo ambiri anakhala cete pamene anthu akuda anali kugula nyama pa zenera. Sitinena kuti mlendo ali yense ndi mngelo. Tinena kuti munthu aweruzidwe ndi nchito zace, ndipo mbiri yathu itipatsa anthu awiri oti tiyerekeze.

Woyamba ndi Roy Welensky. Atate wace anali Myuda wocokera ku Lithuania. Iye anabadwira ku Salisbury m'caka ca 1907 m'banja losauka, nayendetsa sitima ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Anakula pa ndale pomenyera kuti nchito zabwino zikhale za Azungu okha, ndipo kucokera 1956 mpaka 1963 anali Nduna Yaikulu ya Federeshoni imene anthu akuda a maiko atatu anaikana.

Waciwiri ndi Simon Zukas. Iye anabadwira ku Lithuania m'caka ca 1925, nafika ku Copperbelt m'caka ca 1938 ali ndi zaka 13. Akadacedwa zaka zitatu, akadapezeka m'manja mwa asilikali a Hitler. Ataphunzira uinjiniya ku Cape Town anabwerera ku Ndola, nagwirizana ndi anyamata akuda monga Justin Chimba ndi Reuben Kamanga pokana Federeshoni. M'caka ca 1952 Boma la atsamunda linamtsekera m'ndende ku Livingstone, nilimpitikitsa kunka ku England. Ufulu utabwera m'caka ca 1964 anabwerera kwao kuno nagwira nchito yace ya zomangamanga. M'caka ca 1991 anthu a ku Sikongo, kumalire ndi Angola, anamsankha kukhala phungu wao, ndipo anakhala nduna ya Boma.

Onani tsono. Anthu awiri, muzu umodzi, njira ziwiri. Wina anafuna kulamulira eni dziko, wina analowa m'ndende cifukwa ca iwo. Ife sitinalimbane ndi atsamunda cifukwa anacokera kutali. Tinalimbana nao cifukwa analanda nthaka, anaika malamulo popanda kutifunsa, ndipo anadziyesa ambuye. Munthu amene afika ndi mfuti kudzalamulira ndi munthu amene afika ndi kabokosi kudzapempha pogona ndi anthu awiri osiyana, ndipo amene awasokoneza dala afuna kukunyengani.

Nkhani ya Zukas iri ndi mutu winanso. M'caka ca 1996 malamulo akulu a dziko anasinthidwa kuti munthu amene makolo ace sanabadwire m'Zambia asapikisane nao pa mpando wa Pulezidenti. Ali yense anadziwa kuti lamulolo lilinga kwa Kenneth Kaunda, amene atate wace David Kaunda anacokera ku Nyasaland kudzaphunzitsa ndi kulalikira ku Chinsali. Zukas anatula pansi unduna wace posagwirizana nazo. Mwana wa othawa anazindikira msanga fungo la lamulo lofunsa munthu za agogo ace m'malo mwa nchito zace. Anamwalira m'caka ca 2021 ali ndi zaka 96, ali mwana wa Zambia.

NANGA IFE?

Abale, ndani mwa ife amene sali mwana wa ulendo? Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 kucokera kum'mwera. Acewa, Abemba ndi Alunda akumbuka kuti makolo ao anacokera ku Congo. Ife amene tinagwirapo nchito ya ukalaliki pa mgodi tidziwa kuti m'mabuku a malipiro muli maina a mitundu yonse, ndipo mkuwa wa dziko lino unakumbidwa ndi manja a anthu a kuno pamodzi ndi a ku Nyasaland, Tanganyika, Angola ndi Congo. Nao agogo athu anayenda pansi kunka ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Johannesburg, ndipo kumeneko iwo ndiwo anali alendo onyozedwa.

Zambia yaufulu inacita bwino kuposa atsamunda pa nkhani imeneyi. Malo a othawa nkhondo a Mayukwayukwa anatsegulidwa m'caka ca 1966, a Meheba m'caka ca 1971, ndi a Mantapala m'caka ca 2018. Meheba ali m'cigawo comweco ca Kumpoto ca Kumadzulo kumene Azungu anakaniza Ayuda malo. Tinalandira omenyera ufulu a ku Zimbabwe, Namibia, Angola, Mozambique ndi South Africa, ngakhale adani ao anatiponyera mabomba cifukwa ca iwo. Umenewu ndi ulemu wa dziko lathu.

Koma tisadzinyenge kuti matenda a ku Kishinev sangatigwire. M'mwezi wa April 2016 anthu ena anapezeka ophedwa m'makomboni a Lusaka, ziwalo zao zitacotsedwa. Mphekesera inafala yakuti eni masitolo ocokera ku Rwanda ndiwo acita kuti malonda ao ayende. Masitolo oposa 60 anaphwanyidwa ndi kufunkhidwa, ndipo mabanja ambiri anathawira ku chalichi ndi ku polisi. Ambiri a anthuwo anali atathawa kale kuphana kwa kwao kwa 1994. Ikani nkhani ziwirizi pamodzi. Mtembo wapezeka, mtima wa anthu wawawa, wina aloza cala mlendo wa sitolo, ndipo katundu ayamba kutuluka pa mitu ya anthu. Zaka 113 zinapita pakati pace, maiko ndi otalikirana, koma bodza ndi lomwelo. Ndipo sitolo ikatsekedwa, amene alira ndi mai wa pa komboni amene anali kutenga mcere ndi sopo pa ngongole mpaka mwezi uthe.

Cifukwa cace nyuzi ino ipempha zinthu zitatu. Kwa inu owerenga tinena kuti mphekesera yonena mtundu wonse wa anthu ithere pa khutu lanu, musaipitirize. Wolakwa ali ndi dzina lace, ndipo mlandu wace upite ku polisi ndi ku khoti, kaya ndi mlendo kaya ndi mwini dziko. Kwa atsogoleri a ndale tinena kuti amene afuna mavoti pakuloza alendo asonyeza kuti alibe yankho pa za nchito ndi za mtengo wa unga, ndipo anthu amfunse yankholo. Kwa Boma tinena kuti munthu wothawa kwao amene asunga malamulo athu apatsidwe mapepala msanga ndi pa mtengo woti angathe, aloledwe kulima, kugulitsa ndi kugwira nchito imene aidziwa, apereke msonkho monga ife tonse, ndipo mwana wace wobadwira kuno akhale pa benchi limodzi ndi mwana wathu kufikira kumene nzeru zace zingamfikitse. Mphunzitsi kapena namwino amene akhala manja lende mu msasa zaka makumi awiri ndi citayiko kwa iye ndi kwa ife.

Malire a dziko ayenera kusungidwa, ndipo palibe amene atsutsa zimenezo. Koma dziko liri ndi mphamvu yosankha ngati munthu amene walowa kale adzakhala mtolo kapena mnzathu pa nchito. Mnyamata wa zaka 13 amene anatsika sitima ku Copperbelt m'caka ca 1938 sanali kudziwika ndi munthu ali yense, ndipo panalibe akadanena kuti adzalowa m'ndende cifukwa ca ufulu wathu. Lero ku Meheba ndi ku Mantapala kuli ana a msinkhu womwewo. Tiyeni tiwatsegulire citseko ca sukulu ndi ca nchito, kuti kalumo kamene abwera nako kadzamete ife tomwe.